Quanzhou, mzinda umene unkadikira mphepo

M'mbali mwa mtsinje wa Jin, kumtunda pang'ono kwa mzinda wa Quanzhou m'chigawo cha Fujian ku China, kuli kaphiri kotchedwa Jiuri. Matanthwe ake ndi odzaza ndi zilembo zozokota, ndipo mwa zolembedwa zonsezo, 10 zimakamba nkhani imodzi. Zimati pa tsiku lakutilakuti, mwezi wakutiwakuti, bwanamkubwa wa mzinda, mkulu woyang'anira malonda a panyanja ndi anzawo, mayina awo ndi awa, anabwera kuno kudzapempha mphepo. Chakale kwambiri ndi cha mu 1174, chomaliza ndi cha mu 1266.

Amene ankakwera kaphirika anali akuluakulu a boma, anthu amene anakhoza mayeso ovuta a ufumu, ndipo mwambowu unali mbali ya ntchito yawo. Ankapitako kawiri pa chaka. Nyengo yozizira ikayandikira ankapempha mphepo yoperekeza zombo, ndipo nyengo yotentha ikamayamba ankapempha mphepo yozibweza. Ankathira nsembe pa kachisi wa m'munsi mwa phirilo, kenako n'kulamula amisiri kuti azokote pamwala kuti mwambo wachitika. Munthu akafuna kumvetsa Quanzhou, mbiri yake, zipembedzo zake, ngakhale chifukwa chimene adzukulu ake ali mbwee ku Manila ndi ku Singapore lero, ayambire pa matanthwe amenewa.

Asodzi a pa nyanja ya Malawi sachita kuuzidwa kuti mwera ukawomba, ulendo umasintha. Ku gombe la kummwera kwa China nkhani yake ndi yaikulu kuposa pamenepo, chifukwa mphepo imatembenukiratu ndi nyengo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Febuluwale, mtunda waukulu wa Asia umazizira kwambiri kuposa nyanja, ndiye mpweya wozizirawo umatsikira kunyanja. Mphepo imachokera kumpoto chakummawa n'kumaloza kummwera. Chombo cha matanga chonyamuka pa Quanzhou nthawi imeneyo chinkachita kukankhidwa kumsana mpaka ku gombe la Vietnam, ku Java ndi ku Sumatra. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti mtunda ndi umene umatentha, mpweya wake umakwera kumwamba, ndipo mphepo ya chinyezi imathamangira kumtunda kuchokera kummwera chakumadzulo. Imeneyo ndiyo inali mphepo yobwerera kwawo. Woyendetsa chombo akachedwa ndi milungu ingapo, mphepo n'kumutembenukira, ankangodziwa kuti chaka chathunthu chapita.

Nyengo za kumeneko n'zosemphana ndi zathu, popeza mzindawu uli kumpoto kwa dziko lapansi. Januwale ndiye mwezi wozizira, koma kuzizira kwake n'kwa madigiri 12 kapena 13, ndipo chipale chofewa mumzindamo sachidziwa kwenikweni. Julayi ndi Ogasiti ndi miyezi ya thukuta, madigiri 28 kapena 29 usana ndi usiku mukaphatikiza, chinyezi chili tho. Mvula imayamba cha mu Malichi, n'kufika pachimake mu Meyi ndi Juni pamene imatha kuvumba masiku ambiri osakata, zovala osauma, makoma akuchita nkhungu. Pa chaka imagwa yopitirira mamilimita 1,000. Kenako, kuyambira Julayi mpaka Sepitembala, kumabwera anamondwe ochokera ku nyanja ya Pacific. Kumeneko amawatcha typhoon, koma ndi mtundu womwewo wa namondwe Freddy amene anatiliza mu Malichi 2023. Chaka chomwecho, pa 28 Julayi, namondwe Doksuri anatulukira pa Jinjiang, dera limene lili pansi pa Quanzhou, n'kuzula mitengo, kusasula madenga ndi kumiza misewu.

Mvula yotere bwenzi ikupatsa anthu chakudya cha mwanaalirenji kukanakhala malo olima. Anthu a ku Fujian ali ndi chonena chawo chakuti dziko lawo likagawidwa pakhumi, magawo asanu ndi atatu ndi mapiri, limodzi ndi madzi, limodzi lokha ndiye munda. Dothi la m'mphepete mwa nyanja ndi la miyala, pena la mchere. Anthu atachuluka, makamaka chifukwa cha mabanja othawa nkhondo kumpoto kwa China, mpunga wolimidwa pamenepo sunkakwanira. Mapiri omwewo ankatsekanso njira yopita m'kati mwa dziko. Khomo lotseguka linali nyanja basi.

Dzina limene mzindawu unadziwika nalo kunja linachokera ku mtengo. M'zaka za m'ma 900, wolamulira wina dzina lake Liu Congxiao atakulitsa linga la mzinda, anabzala mitengo ya citong kuzungulira lingalo. Ndi mtengo waminga umene umachita maluwa ofiira ngati makala amoto. Amalonda achiarabu ndi achiperisiya atamva dzina lakuti Citong, lilime lawo linalipinda kukhala Zaitun, mawu amene m'Chiarabu amatanthauza azitona. Mukamvetsera bwino mumva kuti azitona athu a m'Baibulo ndi mawu omwewo, anangoyenda njira yaitali. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco amene anafika kumeneko cha m'ma 1345, anadabwa kuti mzinda wotchedwa Azitona unalibe azitona ndi amodzi omwe. Akatswiri ambiri a zinenero amakhulupiriranso kuti dzina la nsalu yosalala ija ya satini linachokera ku Zaitun.

Chaka chimene zinthu zinatembenuka ndi 1087, pamene mafumu a Song anatsegula ofesi yoyang'anira malonda a panyanja mumzindamo, yotchedwa Shibosi. Chisanafike chaka chimenecho, wamalonda wa ku Quanzhou ankayenera kukatenga chilolezo ku doko lina lokhala ndi ofesi yotere, kawirikawiri Guangzhou, ndipo pobwerako ankayeneranso kukaonetsa katundu komweko. Kwa munthu woyendera mphepo, kukhota kumeneko kunali kutaya nyengo yonse. Ofesi itabwera pakhomo, chombo chinkalandira chikalata cholembedwa mayina a amalinyero, katundu ndi kumene chikupita. Chikabwera, alonda ankachizinga kuti pasatsike kanthu mozemba, akuluakulu ankawerenga katundu, boma linkatengako gawo lake ngati msonkho, n'kugulanso mokakamiza zinthu zina monga lubani pa mtengo umene boma lomwelo laika. Zotsalazo ndiye zinkaloledwa kulowa pamsika.

Mu 1127 mafumu a Song analandidwa kumpoto konse kwa dziko lawo ndipo patapita zaka zingapo likulu linasamukira ku Hangzhou. Misonkho ya minda ya kumpoto itatayika, ndalama za padoko zinakhala zofunika kwambiri, ndipo Quanzhou anali pafupi ndi likulu latsopanolo kuposa Guangzhou. Abale ambiri a banja lachifumu anasamutsidwira mumzindamu, ndipo ena mwa iwo analowa nawo m'malonda. N'chifukwa chake akuluakulu aja sankaona kukwera phiri la Jiuri ngati kutaya nthawi. Malipiro awo, ndi a asilikali, ndi chakudya cha achifumuwo, zonse zinali m'mimba mwa zombo zimene zinali kutali kummwera.

Zombozo zinkanyamuka zitadzaza mbale ndi mitsuko yadothi, nsalu za silika, zitsulo ndi ndalama zamkuwa, ngakhale kuti boma linkaletsa kutulutsa ndalamazo. Katunduyu ankachokera m'mapiri a kumbuyo kwa mzinda. Ku Dehua ankawotcha mbale zoyera ngati mkaka, ku Cizao ankaumba mitsuko ndi mbiya za tsiku ndi tsiku, ku Anxi ankasungunula chitsulo. Ng'anjo zowotchera mbale ankazimanga zazitali motsata chitunda, kuti moto woyatsidwa kumunsi uzikwera wokha mpaka kumtunda, ndipo ng'anjo imodzi inkawotcha mbale masauzande nthawi imodzi. Pobwera zombo zinkatenga tsabola, lubani, mitengo yonunkhira, ngale, minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere.

Apa m'pamene nkhaniyi imakhudza gombe la kuno kwathu. Mu 1225 mkulu wa ofesi ya Shibosi, Zhao Rugua, analemba buku lotchedwa Zhufan zhi, lofotokoza maiko akunja. Iye sanapiteko kumaikoko. Ankangofunsa amalonda obwera padoko n'kumalemba. M'bukumo muli Zanzibar, mulinso gombe la Berbera ku Somalia, kumene anafotokoza mbalame yaitali yothamanga koma yosauluka patali, nyama ya khosi lalitali, ndi bulu wa mizeremizere. Ife tikawerenga timazindikira nthiwatiwa, kadyamsonga ndi mbidzi. Zombo za ku China nthawi imeneyo sizinkafika kuno kawirikawiri. Katundu ankasinthana manja ku Sumatra, ku India ndi ku Arabia, kenako amalonda achiswahili n'kumulandira ndi mphepo zawo za kaskazi ndi kusi, zomwe ndi mchitidwe womwewo wa mphepo yotembenuka ndi nyengo. Ndalama zamkuwa za mafumu a Song zapezeka ku Zanzibar ndi ku Kilwa, ndipo zidutswa za mbale za ku China zafukulidwa ngakhale kumtunda, ku Great Zimbabwe. Ibn Battuta yemwe uja anali ataona Kilwa mu 1331, asanafike ku Zaitun.

Chimodzi mwa zombo za nthawi imeneyo chilipo mpaka lero. Anachifukula mu 1974 m'matope a doko la Houzhu, ndipo anachiika m'nyumba yapadera m'bwalo la kachisi wa Kaiyuan. Chatsala ndi thupi la pansi lokha, mamita 24 m'litali ndi mamita 9 m'lifupi, matabwa ake akuda bii, ena osanjikizidwa pawiri ena patatu. Pansi pake m'posongoka, osati pafulati, kusonyeza kuti chinapangidwira nyanja yakuya. Chimene chimakopa maso ndi makoma amatabwa 12 odula chombocho m'kati, n'kuchigawa zipinda 13 zosalowerana madzi. Chombo chikagunda mwala n'kubooka, madzi ankadzaza chipinda chimodzi chokha, zinazo n'kukhala zouma, ulendo n'kumapitirira. Mipata ya matabwa ankaimata ndi laimu wosakaniza ndi mafuta a mtengo wa tung ndi ulusi wa zomera. M'matopemo anapezamo mitengo yonunkhira yolemera makilogalamu pafupifupi 2,400, tsabola, zigoba za akamba a m'nyanja, timakoko ta nkhono timene maiko ena ankagwiritsa ntchito ngati ndalama, ndi ndalama zamkuwa zopitirira 500. Ndalama yatsopano kwambiri mwa izo ndi ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1270. Chombochi chinali chitabwerako ku ulendo wake, chafika pakhomo, koma katundu wake sanatsitsidwe yense. Akatswiri ambiri amaganiza kuti chinafika cha m'ma 1277 n'kupeza mzinda uli pa nkhondo.

Tisanafike ku nkhondoyo, tione kaye zimene chuma cha padoko chinamanga, chifukwa kwa ine apa m'pamene nzeru za anthuwa zimaonekera bwino. Kumpoto chakummawa kwa mzinda, mtsinje wa Luoyang umathira m'nyanja pamalo otakasuka, a mafunde ndi matope, pamene mabwato owolotsa anthu ankagubuduzika kawirikawiri. Pakati pa 1053 ndi 1059 anamangapo mlatho wamiyala, ndipo amene anaumaliza ndi bwanamkubwa Cai Xiang. Pansi pa mtsinje wamatope sungakumbe maziko, ndiye anangothira miyala yambirimbiri motsata mzere wa mlathowo mpaka inapanga chitunda pansi pa madzi, n'kumanga zipilala pamwamba pake. Zipilalazo anazisongola ngati mphuno ya bwato kuti zizing'amba madzi. Miyala yaitali yoyala pamwamba, yolemera matani ambiri, anaibweretsa pa zombo madzi a m'nyanja atakwera, n'kuiimika pakati pa zipilala. Madzi akamatsika, mwala unkakhala wokha pamalo pake. Ndiye kuti miyala ya pansi ija isamwazike ndi mafunde, anabzalapo nkhono za m'nyanja zotchedwa oyster, zimene zimamatirira pamwala n'kumaswana, zigoba zake n'kugwirana ngati simenti. Boma linaletsa kukolola nkhono za pamlathopo. Madzi akaphwera lero, zipilalazo zimaoneka zoyera ndi zigoba, ndipo anthu akuwolokabe pamenepo.

Mlatho wina, wa Anping, womangidwa kuyambira 1138, ndi wautali kupitirira makilomita awiri. M'kati mwa mzinda, pa kachisi wa Abuda wa Kaiyuan amene anakhazikitsidwa mu 686, pali nsanja ziwiri za miyala ya granite, ya kummawa ya mamita 48 ndi ya kumadzulo yofupikirapo pang'ono, zonse zomalizidwa pofika 1250. Chivomerezi chachikulu cha mu 1604 chinagwetsa nyumba zambiri mumzindamo koma nsanjazi zinaima.

Wamalonda wochokera ku Persia kapena ku India akafika ndi mphepo ya mu Juni, sakanatha kubwerera mpaka mphepo ya mu Novembala. Miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi si ya kugona m'chombo. Ankafuna nyumba, womasulira, malo opempherera, ndipo akamwalira ankafuna manda. Ambiri anakwatira komweko, ana awo n'kukula akulankhula zinenero ziwiri. Kudikira mphepo n'kumene kunasandutsa doko kukhala mudzi wa mitundu yambiri.

Zambiri mwa zotsalira zake zili pa mtunda woti munthu n'kuyenda wapansi. Pa msewu wa Tumen pali mzikiti wa Qingjing, womangidwa mu 1009 ndi kukonzedwanso mu 1310 ndi munthu wochokera ku Shiraz. Chipata chake chachitali chamiyala n'cha kamangidwe ka ku Middle East, ndipo holo yake yakale yopempherera ilibenso denga, makoma okha ndi amene aima, mavesi a Korani ali ozokotedwa pamwala. Mukangoyenda pang'ono pa msewu womwewo mufika pa kachisi wa Guan Yu, mkulu wa nkhondo wakale amene amalambiridwa ngati mulungu, pamene utsi wa zofukiza sukata, ndipo chapafupi pomwepo pali kachisi wa Confucius, mphunzitsi wamkulu wakale wa ku China. Kumbuyo kwa holo yaikulu ya Kaiyuan kuli zipilala ziwiri zozokotedwa milungu ya Ahindu, zochokera ku kachisi wa amalonda achitamili amene anagwa kalekale. Mwala wolembedwa m'Chitamili wa mu 1281 unapezekanso mumzindamu. Akhristu analipo a mitundu iwiri, a Mpingo wa Kummawa ochokera pakati pa Asia ndi Akatolika a chipani cha Afransisko, amene bishopu wawo Andrew wa ku Perugia analemba kalata kuchokera ku Zaitun mu 1326. Ku Jinjiang, pa kachisi wamng'ono wa Cao'an, kuli chifanizo cha Mani chozokotedwa pathanthwe mu 1339. Chipembedzo cha Mani chinayambira ku Persia, chinafalikira kuchokera ku North Africa mpaka ku China, kenako chinazimiririka padziko lonse, koma pa kaphiri aka anthu a m'midzi anapitiriza kufukiza pamaso pa chifanizocho, akuchiyesa Buda. Amalinyero eni dera anali ndi wawo, Mazu, mayi woteteza a panyanja, amene kachisi wake mumzindamu ndi wa mu 1196.

Sindikufuna kuti tione ngati unali mudzi wa mtendere wokhawokha. Mu 1276 Amongoli atalanda Hangzhou, otsala a banja lachifumu la Song anathawira kummwera pa zombo ndi kamfumu kakang'ono, n'kufika pa Quanzhou. Mphamvu za mzindawo zinali m'manja mwa Pu Shougeng, Msilamu wa makolo ochokera kunja, mwini zombo zambiri ndiponso mkulu wa malonda a panyanja. Asilikali a Song atalanda zombo zake, iye anatseka zipata, anapha abale a banja lachifumu amene ankakhala mumzindamo, n'kupereka mzinda kwa Amongoli. Doko linapulumuka ndipo linakula kuposa kale. Marco Polo ananyamukira pano cha m'ma 1292 ndi zombo 14, akuperekeza mwana wamkazi wa banja lachifumu la Amongoli wokakwatiwa ku Persia, ndipo ananena kuti pa chombo chimodzi cha tsabola chopita ku Alexandria, ku Zaitun kunkabwera 100. Ibn Battuta anati ndi limodzi mwa madoko aakulu kwambiri padziko, mwinanso lalikulu kuposa onse.

Koma Amongoli ankakweza alendo pamwamba pa eni nthaka, kuwapatsa maudindo ndi ntchito yotolera misonkho, ndipo chidani chinkakula mwakachetechete. Ufumu wawo utayamba kugwedezeka, gulu la asilikali lotsogoleredwa ndi Aperisiya, lodziwika kuti Ispah, linalanda mzindawu mu 1357 n'kuulamulira pafupifupi zaka khumi. Mu 1366 mkulu wa nkhondo Chen Youding analigonjetsa, ndipo chimene chinatsatira chinali kupha alendo mosasankha. Opulumuka anathawa pa zombo, ena anabisala m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja n'kusintha mayina. Mafumu a Ming atalowa mu 1368, mbumba ya Pu Shougeng inaletsedwa kulemba mayeso olowera ntchito za boma.

Chimene chinapha doko kwenikweni ndi lamulo. Kuyambira 1371 mafumu a Ming analetsa anthu wamba kuchita malonda a panyanja, poopa achifwamba ndi adani obisala pa zilumba. Malonda akunja anasanduka nkhani ya boma lokha. Zheng He, mtsogoleri wa zombo zazikulu za boma zimene zinafika mpaka ku Malindi ndi ku Mogadishu, anaima pa Quanzhou mu 1417 n'kukafukiza pa manda akale a Asilamu pa phiri la Lingshan, ndipo mwala wokumbutsa ulendowo ulipobe. Koma maulendo amenewo anali a mfumu, wamalonda wa pa Quanzhou sanapindule nawo monga kale. M'zaka za m'ma 1470 ofesi ya Shibosi inasamutsidwira ku Fuzhou. Nthawi yonseyi mtsinje wa Jin unali ukutsitsa matope ochokera m'mapiri amene mitengo yake inathera m'ng'anjo za mbale ndi za chitsulo ndi m'minda ya m'zitunda, ndipo malo oimikapo zombo ankaphwa chaka ndi chaka. Malonda atatsegulidwanso mu 1567, anatsegulidwira ku Yuegang, pafupi ndi Zhangzhou, ndipo pambuyo pake doko la Xiamen ndi limene linatenga malo.

Miyala ya pamanda a alendo aja inagwiritsidwa ntchito pokonza linga la mzinda, pomanga milatho ndi maziko a nyumba. Linga litayamba kugumulidwa m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, miyala yolembedwa Chiarabu, Chiperisiya, Chisiriya ndi Chilatini inayamba kutuluka m'zigumukire. Mphunzitsi wina wa mumzindamo, Wu Wenliang, ankayendayenda n'kumaitola, pena kuigula kwa omanga nyumba ndi ndalama za m'thumba mwake, n'kukaisunga kwawo. Zambiri zimene tikudziwa za anthu amenewa tikuzidziwa chifukwa cha khama la munthu ameneyu, ndipo miyalayo lero ili mu nyumba yosungiramo zakale za panyanja ya mumzindamo.

Mphepo sinasiye kuwomba chifukwa mfumu yaletsa. Anthu amene dothi lawo silinkawadyetsa anapitiriza kutuluka, poyamba mozemba, kenako poyera. Mu 1661 mafumu a Qing, pofuna kumana chakudya Zheng Chenggong, mtsogoleri wa zombo amene kwawo kwa makolo ake kunali ku Nan'an m'dera lomweli la Quanzhou, analamula kuti anthu onse a m'mphepete mwa nyanja asamukire kumtunda, midzi n'kutenthedwa. Chaka chotsatira Zheng anachotsa Adatchi pa chilumba cha Taiwan, ndipo anthu a ku Fujian anakhamukira kumeneko. Lero anthu ambiri a ku Taiwan makolo awo anachokera ku Quanzhou ndi ku Zhangzhou, ndipo chinenero cha derali, Hokkien, chimamveka ku Philippines, Malaysia, Singapore ndi Indonesia. Ifenso tili ndi liwu limodzi la chinenerochi pakamwa m'mawa uliwonse. M'Chihokkien masamba aja amawatcha te. Adatchi analitenga liwuli, Angerezi n'kulilandira kwa iwo, ife n'kulisandutsa tiyi. Anzathu a ku Tanzania amati chai ndipo Apwitikizi amati chá, kuchokera ku katchulidwe ka madera ena a China. Tiyi wotchuka wa Tieguanyin amalimidwa ku Anxi, m'mapiri omwe aja ankasungunulamo chitsulo.

Amuna ankapita, akazi ankatsala. Aliyense amene anakulira m'mudzi wa matchona a ku Joni kapena ku Halale aidziwa nkhani imeneyi popanda womufotokozera. Mwamuna ankabwera kudzakwatira, n'kukhala miyezi ingapo, n'kubwerera ku Manila, mkazi n'kutsala akusamalira apongozi zaka makumi. Chowalumikiza chinali kalata yokhala ndi ndalama m'kati, yotchedwa qiaopi, imene ankanyamula amithenga odalirika oyenda pakati pa maiko. Ndalama zimenezo zinamanga masukulu, misewu ndi nyumba za njerwa zofiira zokhala ndi msana wa denga wopindikira kumwamba ngati mchira wa namzeze, zomwe ndi chizindikiro cha kummwera kwa Fujian. Pa phiri la Baogai ku Shishi pali nsanja yamiyala ya nthawi ya Song, imene inkathandiza amalinyero kuzindikira khomo la doko. Dzina lake lenileni ndi Wanshou, koma anthu amaitcha Gusao, kutanthauza mlongo wa mwamuna ndi mkazi wake. Nthano yake imati awiriwa ankakwera phirilo tsiku ndi tsiku, aliyense atasenza mwala woti aimepo kuti aone patali ngati chombo cha m'bale wawo chikubwera, mpaka miyalayo inasanduka nsanja.

Quanzhou wa lero, pamodzi ndi madera ake onse, ali ndi anthu pafupifupi 8.8 miliyoni malinga ndi kalembera wa 2020, ndipo chuma chake chili pa nsapato, zovala ndi miyala yosema. Makampani a nsapato zamasewera a Anta, Xtep ndi 361 Degrees onse anayambitsidwa ndi anthu a chiwongo cha Ding a ku Chendai, ku Jinjiang. A Ding amenewa ndi zidzukulu za Asilamu aja anathawira m'midzi m'zaka za m'ma 1300. Ambiri a iwo sapitanso ku mzikiti ndipo amakhala monga anansi awo, koma pokumbukira makolo saika nyama ya nkhumba pa nsembe. Mu 2021 bungwe la UNESCO linaika malo 22 a mzindawu pa mndandanda wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse, kuphatikizapo milatho, nsanja, ng'anjo, mzikiti ndi matanthwe a Jiuri. Alendo achuluka, ndipo m'mudzi wa asodzi wa Xunpu, kumene makoma a nyumba zakale anamangidwa ndi zigoba za oyster zosanjikizidwa ngati mamba a nsomba kuti apirire mphepo ya mchere, atsikana ochokera m'mizinda yakutali amafola kuti awaveke maluwa kumutu monga amavalira amayi a pamenepo. Amayi eni akewo amavala maluwawo ali pa ntchito, atakhala pa timipando akutsegula nkhono ndi kampeni.

Madzulo, m'mabwalo a akachisi ndi m'timanyumba ta magulu a oimba, mumamveka nanyin, nyimbo zakale za derali zimene UNESCO inazilemba pa mndandanda wake mu 2009. Oimba amakhala asanu. Woimba mawu amakhala pakati atagwira timatabwa towombetsa, mbali imodzi kuli chitoliro chachitali ndi choimbira cha zingwe ziwiri, mbali inayo kuli cha zingwe zitatu ndi china cha zingwe zinayi chotchedwa pipa. Kwina konse ku China pipa amaiimika poimba, koma kuno amaigoneka chopingasa pachifuwa monga zimaonekera pa zithunzi za zaka 1,000 zapitazo, ndipo mu holo yaikulu ya Kaiyuan, pamwamba pa zipilala, pali zifanizo zamatabwa za akazi amapiko atanyamula zoimbira za mtundu womwewu. Nyimbo zake n'zoyenda pang'onopang'ono kwambiri, liwu limodzi limakokedwa mpaka mpweya kutha, ndipo zambiri zimanena za mkazi amene akudikira mwamuna wake ali kutali. Magulu a nanyin aliponso ku Manila, ku Singapore ndi ku Taiwan, ndipo amaimba m'katchulidwe ka ku Quanzhou.